ZA PAKHOMO NDI PAMUDZI: Kaalamu Kam'manja Kafuna Woyankha

Sabata ino tiyamba tasiya za nazale ndi za feteleza, pakuti pali kanthu kena kamene owerenga athu ayenera kukadziwa bwino asanatayepo ndalama zawo. Tili kunena kaalamu kam'manja, kaja kamene munthu amayenda nako kuti akaona zoopsa akalize. Kukula kwake kali ngati bokosi la machesi, ndipo tambiri tili ndi kachingwe komangirira ku kapini. Mukasolola kapiniko kamalira mokuwa kwambiri, osaleka, kufikira mutabwezera kapini m'malo mwake kapena mabatire atatha. Tina m'malo mwa kapini tili ndi batani lodina. Nzeru yake yonse ndi yomweyo.

Ambiri kuno kwathu anayamba kumva za timaalamu timeneti chifukwa cha tsoka limene linagwera abale athu achialubino. Kuyambira kumapeto kwa 2014 anthu oipa mtima anayamba kusaka anzathuwa, kuwapha ndi kufukula manda awo, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Bungwe la Amnesty International linalemba mu Juni 2016 kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa chiyambire Novembala 2014, ndi kuti ena 5 anabedwa osaonekanso. Ife a ku Kasungu nkhani imeneyi sitinangoimvera pa wailesi ayi. Mu Epulo 2016 mwana wamkazi wosakwana zaka 2 anabedwa usiku m'boma lathu lino ali gone m'nyumba pamodzi ndi amayi ake, ndipo patapita masiku zotsala za thupi lake zinapezeka kuphiri. Mu 2019 Boma linagawa maalamu oposa 1,000 kwa anthu achialubino. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino 134,636, ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 130 alionse. Mwaona tsono kuti mabanja ambiri ayenera kudzifunira okha njira.

Ndiponso si achialubino okha amene angathandizidwe nako. Alipo amayi olawirira kuchigayo kusanache, atsikana oyenda mtunda wautali pochokera kusukulu, anyamata a kabaza obwerera usiku, agogo ogona okha m'nyumba, ndi alimi amene mudzi wonse wadziwa kuti mabelo awo agulidwa ku Chinkhoma.

Tsono mvetsani chinthu ichi, chifukwa zonse zimene tikambe zitsamira pamenepa. Kaalamu kameneka ndi mfuu chabe. Makolo athu analibe mabatire, koma mayi akakuwa kumunda kapena ng'oma ikalira nthawi yosayenera, amuna ankatuluka ndi nthungo ndi zibonga osayamba afunsa kuti wakuwayo ndi wa banja liti. Mphamvu sinali m'mawu a wokuwayo, inali mwa anthu otulukawo. Kaalamu kangokuthandizani kukuwa kwambiri kuposa mmero wanu, ndi kukuwabe ngakhale wina atakutsekani pakamwa. Sikamenya munthu, sikagwira wakuba, ndipo sikaitana apolisi.

Mawu otsirizawa tiwabwereze, chifukwa ena amaganiza kuti akasolola kapini ndiye kuti kupolisi kwalira belu. Kaalamu wamba kalibe waya, kalibe netiweki, ndipo wapolisi amene ali pa Kasungu Boma sangamve kanthu inu mukakaliza muli kwa Chulu kapena kwa Simlemba. Ulipo mtundu wina wokwera mtengo umene uli ndi simukhadi mkati ngati foni, umene umatumiza uthenga ku nambala zimene mwaikamo ndi kusonyeza pamene muli. Umenewo ufuna netiweki, ufuna kutchaja kawirikawiri, ndiponso ufuna ndalama zolipirira uthengawo. Chifukwa chake mukamagula, kapena wina akamakupatsani kwaulere, funsani mosachita manyazi kuti, "Kodi kameneka kangolira pano pokha, kapena katumiza uthenga? Ngati katumiza, kwa yani?" Ndipo akusonyezeni pomwepo maso anu akuona.

Pa pepala la kaalamu mudzaona nambala yotsatana ndi zilembo ziwiri, dB. Umenewo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso, dzina lake desibelo. Anthu awiri akamacheza pakhonde phokoso lawo lili pafupi ndi 60. Timaalamu tambiri timalembedwa 120, 130 kapena 140, ndipo phokoso likafika pamenepo khutu limapweteka. Musagule kolembedwa nambala yochepera 120. Komanso musakhulupirire nambala yokhayo, pakuti pepala silikana cholembedwa, ndiponso opanga amayesa phokosolo pafupi penipeni ndi kaalamuko. Phokoso lili ndi lamulo lake: mtunda ukawirikiza kawiri, muyeso utsika ndi 6. Kamene kalira 130 pa mita imodzi, pa mamita 100, ndiko kutalika kwa bwalo la mpira, katsala ndi 90. Ndipo apo tawerenga ngati palibe mphepo, palibe khoma, palibe munda wa chimanga pakati. Nanga kakalira m'nyumba yotseka, mnansi wanu naye ali m'nyumba yake yotseka, atafunda bulangete, mvula ya Januwale ili kugunda pa malata? Pamenepo nambala ija sithandiza kanthu.

Kuno ku chigwa cha Kasungu vuto limeneli ndi lalikulu, chifukwa minda yathu ndi yaikulu ndipo nyumba zambiri zili patalipatali. M'maesiteti matenanti ena amamanga pafupi ndi munda ndi chigafa chawo, kutali ndi anzawo. Njira yodziwira zoona ndi imodzi yokha, ndiyo kuyesa pakhomo panu. Yambani mwadziwitsa mfumu ndi anansi kuti usiku wakutiwakuti muyesa, kuti anthu asadzidzimuke. Mmodzi alowe m'nyumba, atseke chitseko, akhale pamene amagona, nasolole kapini. Anansi akhale m'nyumba zawo, zitseko zotseka. Kenaka mufunsane kuti wamva ndani, ndipo wamva motani: kodi phokoso lotero lingamudzutse ku tulo, kapena walimva chifukwa anali kutchera khutu? Muyesenso tsiku la mphepo. Mukapeza kuti palibe nyumba ina imene kafikako, musadzinyenge. Ndi bwino kuti wofunika chitetezoyo azikagona pafupi ndi anthu, kapena mnyamata wamkulu wa pabanja amange gowelo lake pafupi naye. Poyesapo musakalize pafupi ndi khutu la khanda.

Za mabatire funsani musanapereke ndalama. Tina timadya timabatire tozungulira tonga ta muwotchi, totchedwa LR44, tina timadya mabatire ang'ono a AAA, ndipo tina timatchajidwa ndi chingwe cha foni. Funso ndi lakuti, kodi atatha mudzawapeza pa Chamama, pa Santhe kapena pa Nkhamenya, kapena mudzachita kukwera galimoto kupita ku Boma? Kwa amene ali ndi sola pakhomo, kotchaja nkabwino. Kwa amene alibe, ife tiona kuti ka AAA kaposa, chifukwa mabatire ake amapezeka m'magolosale ambiri. Onaninso kachitseko ka mabatire. Komanga ndi sikuluwu ndiko kabwino, pakuti kongotsekera kamatseguka kaalamu kakagwa pansi, mabatire nkumwazika, phokoso nkuthera pomwepo. Ndiponso timabatire tozungulira tija ndi toopsa mwana akameza, timaotcha kummero, ndipo mwana wotero afunika kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pakati pa kapini ndi batani, ife tisankha kapini. Munthu wogwidwa ndi mantha manja amanjenjemera, ndipo kufufuza kabatani mumdima nkovuta, pamene kukoka chingwe aliyense atha. Batani limene lakayatsa ndi lomwenso wachifwamba angadine kuti kaleke, koma kapini mukakataya patchire alibe chozimitsira. Pogulira mwana wachialubino kumbukirani kuti ambiri mwa iwo maso awo saona patali ndi tinthu ting'onoting'ono, choncho musankhe kokhala ndi chingwe chachikulu chimene dzanja lingachipeze popanda kuyang'ana.

Wina adzati, nanga wenzulo wa mpira sakwana? Wenzulo musamupeputse. Apolisi a ku London kale ankayenda ndi chipangizo chamtengo chopukusa kuti chichite phokoso, kufikira mu 1884 pamene anayamba kugwiritsa ntchito wenzulo wopangidwa ndi Joseph Hudson wa ku Birmingham, chifukwa anapeza kuti amamveka patali kuposa chamtengo chija. Mpaka lero achitetezo cha m'mudzi amayenda naye. Ndi wotsika mtengo, safuna batire, saopa mvula. Kuipa kwake nkwakuti afuna mpweya ndi pakamwa, ndipo munthu wothamanga ali wefuwefu, kapena wogwidwa pakhosi, sangamuimbe. Kwinanso, wenzulo kwathu kuno amalira ku mpira, ku mganda ndi ku chimtali, motero anthu akamumva sadzidzimuka. Ngati mudzi ufuna kudalira wenzulo, upangane kaimbidwe kake ka ngozi, monga kuimba katatu motalika, kupuma, nkuimbanso katatu, ndipo kaimbidwe kameneko kaletsedwe pa masewera. Banja lotha kugula zonse ziwiri lichite motero: kaalamu kwa wofooka, wenzulo kwa oyankha kuti aziitanirana.

Tsono za kayendedwe nako. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo alimi a fodya simufuna womasulira mwambi umenewu. Kaalamu kamene kali pansi pa dengu, pamwamba pali matemba ndi sopo, si kanu. Pamene muli kudutsa malo okayikitsa, monga padambo, pamlatho, kapena m'njira yopyola m'munda wa chimanga chachitali, kakhale m'dzanja, chingwe chili pachala. Amayi angakamangirire pa mfundo ya chitenje kutsogolo, abambo pa lamba. Mwana wa sukulu asakaike m'chikwama cha kumsana kumene dzanja silifika.

Bungwe lina la ku London lotchedwa Suzy Lamplugh Trust, limene linayamba mu 1986 kuphunzitsa anthu kudzisamala poyenda, limalangiza kuti ntchito yoyamba ya kaalamu ndiyo kudzidzimutsa wachiwembu kuti inu mupeze kamphindi kothawira. Malangizo amenewa ndi oona ngakhale kuno. Munthu wobwera mwakachetechete amadalira kuti zonse zichitika mwakachetechete, ndipo phokoso ladzidzidzi pafupi ndi khutu lake limamusokoneza kanthawi kochepa. Kanthawi kameneko ndiko chuma chanu. Sololani kapini, lozetsani kaalamu kunkhope kwake, kaponyeni pambali, inu nkuthawira kumene kuli anthu. Musaime kuti muone ngati wachita mantha, ndiponso musabwerere kukatola. Pothawapo kuwani ndi pakamwa pomwe, ndipo tchulani dzina la munthu: "A Banda, ndithandizeni, ndagwidwa kudimba!" Woitanidwa ndi dzina savutika kudziwa kuti ndi iye ayenera kutuluka, ndiponso adziwa kolowera.

Pali nthawi imene ife tingati musakalize msanga. Ngati munthu wakuikani chikwanje pakhosi pamalo opanda anthu, ndipo chimene afuna ndi njinga kapena ndalama, mpatseni. Njinga mudzagula ina fodya wa chaka chamawa akatuluka. Mukalize iye atapotoloka. Koma ngati afuna kukutengani inuyo, kukukokerani kutchire kapena kukukwezani galimoto, pamenepo lizani ndi kukuwa ndi mphamvu zanu zonse, chifukwa kumene afuna kupita nanuko kulibe wokumvani.

Tibwerere kwa mwana uja wa 2016, chifukwa nkhani yake itiphunzitsa chinthu chimene ogulitsa timaalamu satchula. Iye anatengedwa anthu ali m'tulo. Kaalamu kakanakhala pamsomali usiku umenewo, akanakaliza ndani? Munthu wogona sasolola kapini. Chifukwa chake usiku kaalamu kapatseni ntchito ya mlonda wa pakhomo. Khomani msomali pa mphuthu ya chitseko mkati mwa nyumba, mumangirirepo kaalamu molimba. Chingwe cha kapini muchikoletse ku msomali wina wa pa chitseko chenichenicho, chikhale chokungika pang'ono, kuti chitseko chikangotseguka mpata wolowa dzanja, kapini kasololoke. Yesani masana kawiri katatu kufikira mutapeza utali woyenera wa chingwe. M'mawa muyambe mwakolola chingwe musanatsegule. Ochita zimenezi asaiwale zenera, ndiponso asaiwale kuti chitseko chabango kapena chopanda mpiringidzo ndicho choyamba kukonza. Mpiringidzo wa mtengo wolimba sulira ndalama, ndipo umachedwetsa wolowa kuti oyankha afike.

Nanga oyankhawo ndani? Apa ndipo pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi ntchito ya mfumu ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi, si ya banja limodzi. Tipempha mafumu kuti aitanitse msonkhano, kaalamu kalizidwe pabwalo kuti aliyense adziwe kulira kwake, pakuti munthu amene sanakamvepo adzayesa ndi foni ya wina kapena galimoto ya ku esiteti. Pamsonkhano pomwepo atchulidwe maina: nyumba yakuti ikalira, otuluka ndi akutiakuti. Pasakhale nyumba imodzi yokha yodaliridwa, zikhale zitatu kapena zinayi, chifukwa mwini nyumba imodziyo angakhale ali kumaliro kapena ku msika wa fodya.

Ndipo tinene mawu owawa. Pa milandu ingapo ya kuphedwa kwa achialubino imene inafika ku makhoti, ena mwa opezeka olakwa anali achibale kapena anthu odziwana ndi wophedwayo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Motero oyankha asakhale a banja limodzi okhaokha, pakhalenso ena apadera. Mwana aphunzitsidwe kuti wina akamamukakamiza kupita kumene makolo sanamuuze, asolole kapini, ngakhale womukokayo akhale malume ake kapena mlamu wa pakhomo. Ngati kunali kulakwitsa, akulu adzapepesana m'mawa. Mwana amene waliza chifukwa cha mantha enieni asakalipiridwe, chifukwa mukamukalipira lero, tsiku la ngozi adzayamba waganiza. Koma woliza mwamasewera alangizidwe ndithu, pakuti mudzi ukazolowera kutuluka pachabe udzaleka kutuluka.

Otuluka asapite mmodzimmodzi. Atenge matochi, ayende atatu kapena anayi, akuimba wenzulo kuti wachiwembu adziwe kuti anthu ali kudza. Ena athamangire ku njira zotulukira m'mudzi. Mmodzi atsale kuti aimbe chitsulo cha kusukulu kapena cha kutchalitchi, ndi kuimbira foni apolisi. Nambala ya polisi yapafupi ndi ya wapampando wa chitetezo zisungidwe m'mafoni angapo, ndiponso zilembedwe papepala lopachika kwa mfumu, chifukwa foni imatha moto tsiku lomwe ifunika.

Mukamugwira munthu, m'mangeni, mumupereke kupolisi. Lamulo lilola munthu wamba kugwira wopalamula mlandu waukulu, koma limulamula kumupereka kwa apolisi mosachedwa, ndipo silimulola kumenya kapena kuotcha. Tikumbuke za 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inawanda ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Anthu ankagona panja, mfuu ikangomveka nkuthamanga ndi miyala, ndipo anthu angapo anaphedwa popanda mlandu uliwonse. Usiku munthu amene mwamupeza pafupi ndi phokoso angakhale mnzanu amene wafika msanga kudzathandiza. Ndiponso pa nkhani za achialubino, wogwidwa pakhomo nthawi zambiri ndi wotumidwa chabe. Mukamupha mwakwirira dzina la womutuma.

Kwa alimi a fodya tingowonjeza pang'ono, popeza nyengo ya msika ndiyo nyengo ya akuba. Ndalama za fodya zimalowa ku banki, tsono palibe chifukwa chozitapira zonse tsiku limodzi nkuyenda nazo m'thumba pa njinga madzulo. Tapani zochepa, zina musunge pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo pobwerera muyende awiri kapena atatu dzuwa lisanalowe. Kaalamu sikangathandize bambo amene wakhala pamowa kuyambira masana akulengeza kuti mabelo ake anagulidwa pa mtengo wanji. Amene amagona kuchigafa kulonda fodya, njira ya chingwe ija igwiranso ntchito: mangani ulusi wolimba modutsa polowera, msinkhu wa m'mawondo, nsonga yake ku kapini. Mbuzi ndi agalu adzakudzutsani pachabe masiku ena, choncho auzeni anansi kuti kulira kochokera kuchigafa kuyambe kwaonedwa ndi mwini wake, pamene kochokera kunyumba nkwa mudzi wonse.

Kaalamu kayesedwe kamodzi pamwezi, kanthawi kochepa chabe, mutakaphimba ndi nsalu, masana anansi akudziwa. Sankhani tsiku losaiwalika, monga Loweruka loyamba la mwezi. Mawu ake akayamba kusasa kapena kutsika, mabatire atha, sinthani onse pamodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Kakanyowa ndi mvula chotsani mabatire, kaumitseni pamthunzi tsiku lathunthu musanabwezeremo. Ndipo ana asabwereke mabatire ake kukaika mu wailesi kapena mu tochi.

Sabata yamawa tidzabwerera kumunda, tidzakambe za kukonza zigafa mvula isanagwe.